Zimene ndapeza pa funso langa la copper sulphate

Ndikuthokoza nonse amene munayankha funso langa, pamene ndinafunsa chifukwa chimene kulemera kwa timibulu ta copper sulphate (mchere wa buluu wokhala ndi madzi mkati mwake) sikunkatsika mokwanira ndikatitenthetsa. Ndinatsatira malangizo akuti ndiyambe ndapera timibuluto, nditenthetse pa moto wochepa, ndipo ndibwereze kutenthetsa ndi kuyeza mpaka kulemera kutasiya kusintha.

Ndinayamba ndi magalamu 5.0. Mtundu wa buluu unayamba kuzimiririka kuchokera m'mphepete mwa mbale, nthunzi ikutuluka, ndipo nditayeza kachitatu ndinatsala ndi ufa woyera wa magalamu 3.2. Madzi otayika anali magalamu 1.8, omwe ndi 36 peresenti, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi mamolekyu asanu a madzi a mu CuSO4·5H2O, momwe timibuluti timalembedwera m'sayansi. Vuto langa linali lakuti ndinkazimitsa moto msanga, molekyu yomaliza ya madzi isanachoke, pamene iyo imafuna kutentha kopitirira madigiri 200.

Amene akufuna kuyesa asasiye ufawo poyera, chifukwa umayamwa chinyezi cha mumpweya n'kuyambanso kulemera. Moto ukachulukanso kwambiri, ufawo umada n'kusanduka copper oxide. Nditadonthezapo madzi pamapeto, mtundu wa buluu unabwerera nthawi yomweyo, mbale n'kufunda m'manja mwanga.