Chikondi choyambira pampanda: mabuku a maneba odana amakoka ndi chiyani?

Nachisale

Akuluakulu, tandithandizani. Mabuku ambiri achikondi otuluka masiku ano, makamaka a ku America ndi ku Britain, akumabwereza nkhani imodzi: mwamuna ndi mkazi oyandikana nyumba amayamba ndi kulalatirana chifukwa cha mpanda, galu kapena phokoso la usiku, mapeto ake n'kukondana. Owerenga amawatcha enemies to lovers, kutanthauza adani osanduka okondana. Chikundizunguza mutu n'choti wowerenga amadziwiratu patsamba loyamba kuti awiriwa adzagwirizana. Nanga chimamugwira n'chiyani mpaka tsamba la 300? Ndipo wofuna kulemba buku lotere m'Chichewa ayambire pati?

aMbewe a ku Zomba

Achemwali, kudziwiratu mathero ndiye malonda ake. Bungwe la olemba mabuku achikondi ku America la Romance Writers of America limati buku lachikondi liyenera kukhala ndi zinthu ziwiri: chikondi chikhale phata la nkhani, ndipo mathero akhale osangalatsa. Wogula buku lotere safunsa ngati adzakondana. Akufuna aone kuti zidzatheka bwanji, poti anthu ake sakupatsana ndi moni womwe.

Njirayi ndi yakale. Beatrice ndi Benedick a m'sewero la Shakespeare la Much Ado About Nothing ankabayana ndi mawu zaka zoposa 400 zapitazo, ndipo Pride and Prejudice ya Jane Austen, ya mu 1813, yagona pa anthu awiri oganizirana molakwika. Makampani a Mills & Boon, amene anayamba ku London mu 1908, ndi Harlequin ya ku Canada ya mu 1949, pambuyo pake anafalitsa nkhani zachikondi m'timabuku totchipa.

Uneba umawonjezera chinthu chimodzi chachikulu: neba sathawika. Mdani wa kuntchito umamusiya ukaweruka, koma neba umamuona akuyanika zovala, umamva akutsokomola usiku, umadziwa tsiku limene sanasonkhe moto. Kuti udane ndi munthu umayenera kumuyang'anitsitsa, ndipo woyang'anitsitsa amaona zimene ena saona. Mkazi amene wakhala akuwerenga zolakwa za neba wake ndiye woyamba kuzindikira kuti nyale ya kumeneko siizima mpaka 3 koloko m'bandakucha chifukwa mwini wake akudwazika bambo ake. Wowerenga amene ankaseka amayamba pamenepo kumva chifundo. Chinanso, wokukondayo anakuona kale utakwiya, tsitsi lili nyankhalala, ukukalipa m'mamawa. Palibe zodzikongoletsa za pachibwenzi, ndiye akati ndimakukonda, mawuwo amalemera.

Nangozo, mkonzi wa mabuku

Ndiyankhe za kalembedwe. Timabuku tating'ono ta mtundu wa Harlequin timakhala ndi mawu pafupifupi 50,000, pamene mabuku akuluakulu amafika 80,000 kapena 90,000. Woyamba kumene asapitirire 55,000. Tinene mitu 20, uliwonse wa mawu 2,500 mpaka 2,750.

Mkangano uphulike m'mutu woyamba, osati wachitatu. Pofika mutu 5 pachitike chowakakamiza kugwirira ntchito limodzi, monga mpanda kugwa ndi mvula kapena mwini malo kufuna kuwasamutsa onse awiri. Kuchokera apo mpaka mutu 10 ndi pamene olemba ambiri amagwa. Nthawi iliyonse akakumana, mmodzi azichoka atadziwa kanthu katsopano ka mnzake. Mukalemba mikangano isanu yofanana, palibe chasintha, wowerenga amatseka buku. Kukhudzana koyamba, kaya n'kupsompsonana kaya kungogwirana dzanja, kukhale pakatikati pa buku. Pa mutu 15 kapena 16 asiyane, ndipo chowalekanitsa chichokere ku mkangano woyamba uja, osati chibwenzi chakale chongotulukira. Mitu yotsalayo ndi ya kupepesa, koma kupepesa ndi zochita: wolakwayo ataye kanthu kamene ankakakamira.

Lembani mosinthana, mutu wina m'maso mwa mkazi, wina m'maso mwa mwamuna. Wowerenga akamadziwa zimene aliyense akubisa, amalakalaka kuwagwira mapewa n'kuwauza zoona, ndipo chilakolako chimenecho ndicho chimatembenuza masamba.

Cholakwika chachikulu ndi chifukwa chodanirana chopepuka. Yesani chonchi: ngati kukhala pansi kwa mphindi 5 kungathetse nkhaniyo, mulibe buku. Onse awiri akhale ndi mfundo. Mtengo wa mango uli pamalire. Mizu yake ikung'amba maziko a nyumba imene mwamunayo anamanga ndi ngongole, koma mtengowo anadzala malemu amayi a mkaziyo. Ndani wolakwa pamenepa? Palibe, ndipo wowerenga sadziwa woti amuikire kumbuyo. Cholakwika china ndi kufulumira. Chidani chikasungunuka pa mutu 4, mitu 16 yotsala imangokhala ya anthu omwetulirana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayi Jere

Anangozo, ndikugwirizana nanu, koma pali malire amene simunatchule. Si chidani chilichonse chimasanduka chikondi. Kubisa nsapato, kutsegula wailesi mwadala, kulemba kakalata konyoza, zimenezo zimakhululukika. Kumenya, kuopseza, kupha galu wa mnzako kapena kumunenera ufiti, ayi. Mwamuna wochita zotere m'mutu 2 sangayere m'mutu 20, ngakhale mutamupatsa mbiri yomvetsa chisoni yotani. Chilichonse achitirana koyambirira chikhale choti adzathe kuchiseka ali limodzi.

Muonetsetsenso kuti mphamvu zawo n'zofanana. Landilodi ndi wa lendi wake si adani olingana, chifukwa mmodzi angathe kutulutsa mnzake m'nyumba. Mkazi akavomera chikondi ali ndi ngongole ya miyezi itatu, wowerenga amakayika ngati wavomera ndi mtima.

Nachisale

Zikomo kwambiri. Koma za galu ndi kapinga wotchetcha ndi makina za m'mabuku akunjawo zikumveka zachilendo kuno. Nkhani ikakhala ya ku Ndirande kapena ku Area 25, akanganire chiyani?

aMbewe a ku Zomba

Zokanganira ndiye sizisowa: mpopi umodzi wa nyumba zinayi ndi kagawidwe ka bilu yake, mayunitsi a magetsi pa mita imodzi pamene wina ali ndi hotipuleti, chingwe choyanikira, madzi otsukira mbale oyenderera pakhomo pa mnzako, nkhuku zofukula mbewu m'dimba. Sankhani chimodzi chikhale msana wa buku, zinazo zikhale zokometsera.

Kusiyana kwenikweni ndi anthu. M'mabuku a ku America awiriwa nthawi zambiri amakangana okhaokha. Kuno mkangano uli ndi oonerera: ana otumidwa kukabwereka mchere, amayi a pampopi, amfumu oitanitsa mbali zonse. Zimenezi zimakupatsani chopinga chaulere, chifukwa munthu amene analumbira pagulu kuti sadzapondanso pakhomo paja adzachita manyazi kuonedwa akutuluka pomwepo. Ndipo chowakakamiza kukhala limodzi musachifune kutali. Pakagwa maliro, neba ngakhale mudane chotani amabwera, amawaza nkhuni, amagona pasiwa. Ikani maliro pa mutu 5 kapena 6, muone mmene nkhani itembenukire.

Chida china chili m'chinenero chathu momwe, chimene Chingerezi cha lero chilibe: iwe ndi inu. M'mutu woyamba atulutsirane iwe wachipongwe kamodzi kokha. Kenako abwerere ku inu wozizira, ulemu wopyola muyeso wa "aneba, ngati sindikulakwitsa". Musunge inu ameneyo mitu isanu ndi inayi osamusiya. Tsiku limene iwe adzapulumuke pakamwa mofatsa, wowerenga adzamva yekha kuti zinthu zasintha, wolemba osafotokoza kanthu. Akasiyana pa mutu 15, inu abwerere.

Nangozo, mkonzi wa mabuku

Iwe ndi inu ameneyo musamuike m'kamwa mwa onse awiri nthawi imodzi. Mmodzi ayambe, winayo achedwe ndi mitu iwiri. Komanso musaiwale mtengo wa mango uja: ankhoswe asanakumane, wowerenga akhale atadziwa ngati wadulidwa, wasadzidwa nthambi kapena mpanda wasunthidwa, ndiponso amene walipira mmisiri wokonza maziko.