Corolla ya 2C ikuwira pa Thabwa, gasiketi ndi yatsopano

Wa ku Chirimba: Mabwana thandizeni nzeru, galimoto iyi yandikwana. Corolla CE110, injini 2C, imayenda Nchalo ndi Blantyre. Pachidikha ilibe vuto, pa idle ndiye geji simasuntha n'komwe. Ikangoyamba kukwera Thabwa singano ikuthamangira ku red, madzi akudzaza mu reserve mpaka kusefukira. Hedi tinasikimitsa (kuipala pa makina kuti isalale), gasiketi yatsopano, radiator tinatsuka ndi paipi, fani ikuzungulira. Oilo sanasanduke mkaka, utsi woyera palibe. Yabwereranso ndipo mwini wake akufuna ndalama zake. Ndikuphonya pati?

Madala a Dizilo: Achimwene, musamasule kanthu kaye. Isiyeni igone. Mawa m'mawa isanalire, dzazani madzi mpaka pakhosi, tsekani kapu, lizani, finyani paipi yam'mwamba. Ikauma gwa mphindi ziwiri zisanathe injini ili yozizira, umenewo si mphamvu ya madzi otentha, ndi mpweya wa mu silinda. Kenako izimitseni, tsegulani kapu ikadali yozizira, ikani botolo lodula m'munsi pakhosi pa radiator ngati fanulo, thirani madzi theka, wina aponde mafuta. Thovu lochepa poyamba ndi mpweya wotsalira. Koma likamatuluka mosalekeza, n'kumachuluka mukaponda, nkhani ili ku hedi. Oilo woyera asakunamizeni. Kompuresheni ya dizilo ndi yaikulu, mpweya umalowa m'madzi popanda madzi kukafika ku sampu.

Spana 17: Chotsani thermostat basi, kavalavu kaja kotseka madzi mpaka injini itatentha. Zimenezo anaikira chisanu cha ku Japan. Ku Chikwawa mu Okutobala mukufuna chotenthetsa injini cha chiyani?

Wa Magetsi Kawale: Fani "ikuzungulira" sikokwanira aise. Ikuzungulira mbali iti? Ikani pepala kutsogolo kwa radiator, likuyenera kukakamira. Likamakankhidwa ndiye kuti wina anatembenuza mawaya, ndipo galimoto ikamayenda fani imalimbana ndi mphepo yolowa. Onaninso ngati shroud, chikuto chozungulira fani, ilipo. Pa Toyota zimenezi mukazula pulagi ya fan switch kiyi ali pa ON, fani imayenera kudzuka yokha. Ikapanda kutero yang'anani relay ndi fyuzi.

Madala a Dizilo: Zoona, koma fani ikakhala yolakwa galimoto imawira pa mzere m'tauni, osati kudikira phiri. Iyi ikuwira ikasenza katundu. Pamenepo okayikitsa ndi radiator yotsekeka, water pump yodyeka mapiko, mafuta ochuluka ku pampu, kapena hedi.

A Spana, thermostat isachoke. Muitulutse muone, ikakhala ndi kambale pansi, kambale kameneko kamatseka bypass, njira ya madzi yolambalala radiator, thermostat ikatseguka. Mukaichotsa, madzi ena amangozungulira mu bloko osadutsa mu radiator. Yesani mumphika: iyambe kutseguka pa madigiri 82, pofika 95 ikhale itatseguka mamilimita 8 kapena kuposa. Pobwezera, kabowo kakang'ono ka m'mphepete mwake (jiggle valve) kayang'ane kumwamba kuti mpweya uzituluka.

Wa ku Chirimba: Thermostat ilimo koma sindinaiphike. Kapu ndi yomwe inabwera nayo. Madzi dalaivala amangothira a pamjigo.

Mai wa Ma Radiator: Ndiye mwanena nokha. Madzi a mijigo yambiri ku chigwa cha Shire ndi amchere, amasiya zoyera ngati laimu m'timapaipi, ndipo kutsuka ndi paipi sikuchotsa zimenezo. Madzi amalowa pamwamba n'kutulukira m'timapaipi tochepa totseguka, inu n'kumati yayera. Injini ikafika pa kutentha kwake izimitseni, chotsani kiyi, zulani batire chifukwa cha fani, yendetsani dzanja pa core yonse, pomwe pali timapaipi ndi zipsepse za radiator. Pomwe pakuzizira mpotsekeka. Imeneyo ichotsedwe thanki, kapaipi kalikonse kapisidwe kachitsulo kopyapyala. Ngati zipsepse zikunyenyeka mukazikhudza musavutike nayo, gulani ina. Funsaninso dalaivalayo ngati anathiramo dzira kapena mankhwala otsekera kudontha, chifukwa zimenezo zimatseka ndi heater yomwe.

Kapu musinthe, yolembedwa chimodzimodzi ndi yakale, zambiri ndi za presha ya 0.9 bar. Rabala ikatha kapu simagwira presha, ndiye madzi amene akanapirira mpaka cha m'ma madigiri 118 amawira asanafike ndi 100 yomwe mukamakwera kumtunda.

Spana 17: Ma taxi angati akuyenda opanda thermostat? Muwononga ndalama za kasitomala pa zinthu zaulere.

Wa Mapampu Limbe: Akuyenda, koma m'mawa akufuka utsi, akumwa mafuta, ndipo ma ring satha zaka. Dizilo yozizira simaotcha mafuta bwino. Funso langa ndi lina: pokwera ikutulutsa utsi wakuda? Onani screw ya mafuta kumbuyo kwa pampu ngati chidindo chake chilipo. Madalaivala amaipotoza kuti galimoto izikoka, ndipo 2C ilibe turbo, mafuta owonjezerawo amangosanduka moto mu hedi. Komanso mutabwezera timing belt, zizindikiro za pampu zinagwirizana? Dzino limodzi kuchedwa, mphamvu imatsika, kutentha kumakwera. Air cleaner yotsekeka ndi fumbi imachitanso zomwezo.

Madala a Dizilo: Ku hedi kuja, anangosikima kapena anayesanso ndi presha? Hedi ya 2C ndi ya aluminiyamu, ikawirapo imakonda kung'aluka pakati pa ma valve ndi pafupi ndi precombustion chamber, kachipinda ka mu hedi momwe dizilo amayambira kuyaka. Mng'alu wina umatseka injini ikazizira n'kutseguka ikatentha, n'chifukwa chake oyesa abwino amaiviika m'madzi otentha. Makina osikimira saona zimenezo. Chachiwiri, gasiketi za injini imeneyi zimasiyana kuchindikala, mumasankha mutayeza momwe pisitoni yatulukira pamwamba pa bloko. Chachitatu, mabauti amamangidwa ndi torque wrench motsatira ndondomeko, kuyambira pakati kupita kunja, kenako kumaliza ndi madigiri. Mabowo ake akhale ouma. Mukasiyamo oilo kapena madzi, wrench imalira bauti isanapanikize hedi. Bloko nayo muiyike straight edge ndi feeler gauge, muone ngati pamwamba pake sipanapindike. Ngati pali amene ali ndi block tester, choyesera mpweya wa mu silinda mu radiator, bwerekani, pa dizilo madzi ake abuluu amasanduka obiriwira mpweyawo ukakhalamo.

Mai wa Ma Radiator: Water pump yake imayenda ndi timing belt, ndiye ngati simunaitulutse nthawi ija mudzamasulanso kutsogolo konse. Ndi madzi amchere mapiko amadyeka, pampu osadontha, osalira, koma osakankha. Zonse zikatha thirani coolant wosakaniza theka ndi theka ndi madzi a batire (distilled, osati asidi), heater ili pa HOT. Ndipo dalaivalayo mumuuze mwamphamvu: ikawira aime, asatsegule kapu, asathire madzi ozizira pa injini yotentha. Hedi zambiri zimathera pamenepo, ndipo nkhope za anthu zapsa nazo.

Spana 17: Ine ndanena. Muzungulira konseko mudzabwerera pa thermostat.

Wa Mapampu Limbe: A Spana, yomata isinthidwe, palibe akukana. Kusintha ndi kuchotsa n'zosiyana.

Wa Magetsi Kawale: Paipi yam'munsi nayo muione wina akuponda mafuta, yofewa imaphwafuka n'kutseka madzi.