Mawu ojambulira kunyumba akulira "mmmm" pansi pake, ndichotse bwanji?

Wa ku Nchalo:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimajambula mauthenga a zaulimi kunyumba n'kumatumiza pa WhatsApp. Ndili ndi laputopu, maikolofoni ya USB ndi pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity. Pansi pa mawu anga pamamveka kulira kwa mmmm kosalekeza, makamaka ndikavala mahedifoni. Nyumba ndi ya malata, pansi simenti, ndipo magetsi akathima ndimayatsa invata ya sola. Ndayesa Noise Reduction, chida cha mu Audacity chochepetsera phokoso, koma mawu akutuluka ngati ndikulankhulira m'madzi. Ndiyambire pati?

Wa ku Ngabu:
Achimwene, musathamangire Audacity, yambani mwapeza komwe kuliraku kukulowera. Jambulani masekondi 10 muli chete, chaja ili pakhoma. Kenako zulani chaja, laputopu iyendere batire, mujambulenso masekondi 10. Mverani zonse ziwiri pa mahedifoni. Kulira kukatha chaja itazulidwa, mlandu watha: muzitchaja kaye laputopu, muzijambula ili pa batire.

Chifukwa chake n'chakuti magetsi a ESCOM ndi a 230 V, 50 Hz, kutanthauza kuti amanjenjemera ka 50 pa sekondi. Akadonthera mu nthambo ya maiki mumamva 50 Hz imeneyo, pamodzi ndi ana ake 100, 150, 200. Mukafuna kuona ndi maso, sankhani pomwe munali chete, mupite pa Analyze, Plot Spectrum, Size muike 8192 kapena kuposa. Mupeza timisonga toima ngati minga pa manambala amenewo.

Invata yanunso ndikuikayikira. Zotchipa zambiri ndi za modified sine wave, magetsi ake amatuluka odukaduka, ndiye kulira kwake si mmmm wofewa koma bzzz wokanda m'makutu, amene amakwera mpaka kusakanikirana ndi mawu a munthu. Ameneyo kumuchotsa pakompyuta n'kovuta kwambiri. Izimitseni pojambula.

Zina zazing'ono: nthambo ya maiki isagone limodzi ndi nthambo ya magetsi, italikire theka la mita ndi chibokosi cha chaja. Zikakakamizika kukumana, zipingasane ngati mtanda. Gwirani chitsulo cha maiki ndi chala. Kulira kukasintha, vuto lili pa waya wa earth, ndipo muitane wodziwa zamagetsi aone soketi. Chonde musathyole dzino lalitali la pulagi ngati ena amakulangizani choncho. Dzino limenelo ndi lomwe limakutetezani kuti magetsi asakugwireni.

Wa ku Bangula:
Zimene anena a ku Ngabu n'zoona. Ine ndinene za zomwe mwajambula kale. Mawu akumveka ngati a m'madzi mwina chifukwa mwaikweza kwambiri Noise Reduction. Iyo imagwira bwino pa phokoso la ssss. Tsatani ndondomeko iyi, osasemphanitsa.

Sungani kaye fayilo yoyambirira padera. Sankhani zonse, muike High-Pass Filter, chida chodula mawu apansi, pa 80 Hz, Roll-off 24 dB. Mawu a bambo sawirikiza kutsika pansi pa 85 Hz, ndiye simutaya kanthu, koma 50 Hz uja agwa kwambiri. Mverani. Ngati patsala kulira, tengani Notch Filter, mpeni wodula nambala imodzi yokha, pa 100, mubwerezenso pa 150. Apa samalani, chifukwa manambala awiriwa ali m'kati mwa mawu anu enieni. Q muike 20 kapena 30 kuti mpeni ukhale wopyapyala. Mukasiya Q pa 1, mudula mnofu wa mawu, mumveka ngati mukuyankhula pa foni yakale.

Mukatero ndiye Noise Reduction. Sankhani masekondi awiri kapena atatu opanda mawu, opanda ngakhale kupuma kwanu, mudine Get Noise Profile kuti Audacity idziwe phokoso loti ichotse. Sankhani zonse, mubwerere ku Noise Reduction, muike 6 mpaka 9 dB, Sensitivity 6, Frequency smoothing 3. Musanavomere dinani Residue ndi Preview kuti mumve zomwe zikutayidwa. Mukamvamo mawu anu, tsitsani. Normalize pa -1 dB ibwere pomalizira, kenako MP3 ya WhatsApp ija.

Wa ku Nchalo:
Zikomo kwambiri nonse. Ndazula chaja, mmmm wachepa ndithu, koma patsala phokoso lina ngati mphepo, ndipo mawu akumveka ngati ndili mu mgolo.

Mayi wa ku Nsanje:
Bambo, chotsalacho si magetsi ayi, ndi chipinda. Ndikuganiza fani imakhala ikuzungulira pojambula, ndipo sindikudabwa, kutentha kwa kuno kuchigwa mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Koma fani ndi maiki sizigwirizana. Ikamatembenukira uku ndi uku, phokoso lake limakwera n'kutsika, ndiye pakompyuta silichoka bwino. Jambulani m'zidutswa za mphindi zisanu, kuzimitsa fani, kujambula, kuyatsanso. Filiji nayo ithime kwa kanthawi, foni ikhale pa airplane mode. Kafani ka m'kati mwa laputopu kamalusanso kukatentha, choncho laputopu ikhale kumbuyo kwa maiki, kutali mita imodzi, pa tebulo lina ngati lilipo, kuti kunjenjemera kwake kusakwere ndi mwendo wa maiki.

Nthawi inanso imathandiza. Masana malata amathetheka ndi dzuwa, usiku nyengo ya mvula achule ndi nkhululu sizipereka mpata kwa amene ali pafupi ndi madambo a Shire. M'mawa dzuwa lisanapse ndi bwino, atambala akatopa.

Za mgolo: mawu akugunda simenti ndi khoma n'kubwerera mu maiki. Yalani mphasa ndi bulangeti pansi, imikani matiresi kukhoma lomwe lili kumbuyo kwanu, makatani mutseke. Zoika matileyi a mazira pakhoma musataye nazo nthawi, ndi opyapyala kwambiri.

Chachikulu, yandikirani maiki. Pakamwa ndi maiki pakhale masentimita 15, ngati kutalika kwa chikhatho, ndipo maiki ikhale chammbali pang'ono kuti mpweya wa "p" ndi "ph" usaiombe. Mukayandikira choncho tsitsani gain (mphamvu yomwe maiki ikulandirira mawu) mpaka mita ya Audacity izisewera pakati pa -12 ndi -6 dB mukamalankhula mokweza. Mukachepetsa mtunda ndi theka, mawu anu amakwera pafupifupi 6 dB pomwe phokoso la m'chipinda lili pomwepo. Musanayambe uthenga uliwonse muzisiya masekondi asanu muli chete, kuti a ku Bangula akanena za Noise Profile muzikhala ndi pomutenga.