Star Wars: akulu ndi achinyamata akusiyana pati, nanga mwana ayambire filimu iti?

Wofunsa:
Abale, ndithandizeni. Okonda Star Wars achikulire amati mafilimu enieni ndi atatu oyamba aja basi, pamene a zaka za m'ma 30 amaikira kumbuyo a nthawi ya Anakin. Kusiyanaku kunayamba bwanji? Nanga mwana wa zaka 9 amene sanaonerepo ngakhale imodzi, ndimuyambitse iti?

Kanyenyezi:
Pali mibadwo itatu, achimwene. Woyamba ndi wa mafilimu a 1977, 1980 ndi 1983, umene unakula ndi Luke, Leia ndi Han Solo. Amenewa anadikira zaka 16, ndipo The Phantom Menace itatuluka mu 1999 anali atakula kale. Anakhumudwa ndi Jar Jar Binks, cholengedwa chanthabwala cha mufilimuyo, komanso nkhani za misonkho ya malonda ndi zokambirana za aphungu. Koma ana a nthawi imeneyo anaikonda, n'kupitiriza ndi makatuni a The Clone Wars kuyambira 2008. Makatuniwa ndi amene anapatsa Anakin mpata woti umunthu wake uoneke bwino, limodzi ndi wophunzira wake Ahsoka. Ana ajawa lero ndi akuluakulu, ndipo ndi amene ali ndi mawu pa intaneti. N'chifukwa chake Hayden Christensen, wosewera ngati Anakin, amene ananyozedwa kwambiri mu 2002, analandiridwa ndi manja awiri atabwerera mu 2022. M'badwo wachitatu ndi wa Rey, kuchokera 2015 mpaka 2019, Disney atagula kale Lucasfilm, kampani yopanga Star Wars, mu 2012. Umenewo sunakulebe mokwanira kuti udziyankhulire.

Mphangala:
Pa za mwanayo, musatsate manambala: atatu oyamba kutuluka aja ndi gawo 4, 5 ndi 6, pamene a Anakin, oyambira pa The Phantom Menace, ndi gawo 1, 2 ndi 3. Mukayamba ndi gawo 1, 2 ndi 3, akamafika pa The Empire Strikes Back (gawo 5) adzakhala akudziwa kale ubale wa Vader ndi Luke, komanso kuti kachilombo kobiriwira ka m'dambo kaja ndi Yoda, mphunzitsi wamkulu amene Luke akumufunafuna. Zonse zodzidzimutsa zimathera pomwepo. Vuto lina ndi la maso: mwana akazolowera nkhondo zothamanga zojambulidwa ndi kompyuta, nkhondo ya Obi-Wan ndi Vader ya mu 1977 amaiona ngati ya nkhalamba ziwiri.

Muyambe ndi 4, kenako 5, filimu imodzi pa tsiku chifukwa iliyonse imatenga maola awiri kapena kuposerapo. Mukatero bwererani ku 1, 2 ndi 3 ngati mbiri ya mmene Anakin anasandukira Vader, n'kumaliza ndi 6. Ena amadumpha gawo 1, koma kwa mwana musatero, mpikisano wa liwiro wa ku Tatooine umawasangalatsa kwambiri ana. Gawo 3 muyambe mwalionera nokha. Muli kuphedwa kwa ana ophunzira ndi kupsa kwa Anakin ku Mustafar, ndipo mwana wa zaka 9 zingamusowetse tulo.

Chimtengo:
Ndiwonjezere chimodzi chimene chimayambitsa mikangano anthu osazindikira: akulu ndi ana sanaonere filimu yofanana. Mu 1997 George Lucas, amene anayambitsa Star Wars, anakonzanso atatu oyamba aja. Poyamba, mu gawo 4, Han ankawombera Greedo, chigawenga chomusaka, iye asanawombere, koma atakonza Greedo ndiye amayamba, zimene zimasintha khalidwe la Han. Mu 2004 anaikanso nkhope ya Christensen pa mzimu wa Anakin kumapeto kwa gawo 6, m'malo mwa Sebastian Shaw. Zimene mwanayo adzaone pa Disney+ ndi zokonzedwazo, ndiye mumuuziretu akafika pa Greedo kuti agogo ake anaona zina.