Ndani angandithandize kusakaniza kalindula ndi hardcore punk?

Abale anga kuno ku Chipata, ndithandizeniko maganizo. Ndimaimba gitala ku Kapata ndipo mtima wanga uli pa hardcore punk, nyimbo zothamanga, zaphokoso, zambiri zosafika ngakhale mphindi ziwiri, woimba akuchita kukuwa. Zinayambira ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Chimandikoka kwambiri ndi kusakaniza. Bad Brains, anyamata akuda a ku Washington, D.C., ankati akathamanga zedi, mwadzidzidzi n'kugwera mu reggae, omvera n'kupumako. Nanga ife tingalephere bwanji, pamene Zamrock ya a Paul Ngozi, rock yathu ya kuno ku Zambia, inali kale ndi gitala yolusa?

Ndikufuna kuika bezi ya kalindula pansi pa gitala yotereyo. Alipo kodi woimba ng'oma amene angapirire liwiro limenelo, kaya ali ku Katete kapena ku Lundazi? Malo oyeserera ndikuwafunanso, pakuti amayi akuti m'nyumba mwawo simulowa nyimbo za amisala.

Chondisowetsa tulo ndi ichi: ndikabwereka kaimbidwe ka ng'oma za gule wamkulu, akuluakulu a kudambwe sangaone ngati chipongwe? Chilolezo ndikapemphe kwa anyakwawa, kapena ndizisiye?