Kodi RNA polymerase imadziwa bwanji chingwe cha DNA choti iwerenge?

Akuluakulu amene mumadziwa bwino za biology, ndikupempha thandizo lanu. Ndikumvetsa kuti pa zingwe ziwiri za DNA, RNA polymerase (enzyme imene imapanga RNA) imawerenga chimodzi chokha, chotchedwa template, kuyambira ku nsonga yotchedwa 3' kulowera ku nsonga yotchedwa 5', ndipo RNA imene ikupangidwayo imakula kuchokera ku 5' kupita ku 3'. Choncho template ikakhala TAC, RNA imatuluka AUG, mofanana ndi chingwe chinacho, kupatula kuti uracil (U) imalowa m'malo mwa thymine (T).

Chomwe chikundizunguza mutu n'chakuti majini awiri oyandikana pa chromosome imodzi angathe kuwerengedwa pa zingwe zosiyana. Kodi ndi promoter yokha (kachigawo ka DNA kumene enzyme imakhala isanayambe kuwerenga jini) imene imalozera enzyme chingwe ndi mbali yolowera, kapena pali zinanso? Nanga mwa mabakiteriya, puloteni yotchedwa sigma factor imathandizapo motani?