Thandizeni anzanga: nyama ya stir-fry ikungotuluka madzi, ikulimba ngati mphira

Khukhi wa ku Kasungu boma

Anzanga ophika, ndafika potopa. Ndikugwira pakhomo pena kuno ku Kasungu, mwezi wachinayi uno. Abwana anakhalitsa kunja ndiye Lachisanu lililonse amafuna stir-fry ya ng'ombe ndi ma noodles, ati ndi chakudya cha mphindi 15. Ine katatu konse ndachita manyazi. Nyama ndimagula pa bucha mumsika, steki theka la kilo. Ndimadula, kuthira soy sauce, adyo ndi jinja, n'kusiya ola limodzi. Felempani ndi ya non-stick ija, pa kuka yamagetsi. Nyama ikangogwa mufelempani imati chwaa kamodzi kokha, kenako madzi thoo, yayamba kubwata, yatuwa. Pomwe madziwo aziphwa nyama yasanduka mphira. Ma noodles nawo akumatana ngati mkute, ndikati nditakase akungoduka. Dzulo madamu atafuna kawiri basi n'kukankhira mbale kumbali osalankhula kanthu. Bola akanandikalipira. Za YouTube musandiuze, ndaonera mpaka bandulo kutha, kumeneko zonse zimangotheka. Ndikulakwa pati? Lachisanu likubwera ili sindikufuna zibwerezenso.

Madala wa ku Mtunthama

Mwana wanga, vuto lako ndi limodzi. Wiritsa kaye nyamayo. Ine ndaphikira mamanejala a m'maesiteti a fodya zaka zambiri, nyama ya kuno ndimaidziwa. Ng'ombe imene ukugulayo yakoka ngolo moyo wake wonse, yasenza mabelo, yatuta chimanga, mwini wake waigulitsa itakalamba. Iwe ufuna ifewe pa mphindi ziwiri? Wiritsa mphindi 40, iphwe, udule, ndiye ukazinge.

Mayi wa pa loji ku Mchinji

Madala, ulemu wanu, koma akawiritsa imeneyo si stir-fry, ndi nyama yofwafwaza yothira soy sauce. Abwanawo adziwa pa nthongo yoyamba.

Achimwene, mwanena nokha pomwe pali vuto. Theka la kilo yonse mufelempani imodzi, pa kuka yamagetsi. Nyama yozizira yochuluka choncho imazimitsa kutentha kwa felempani nthawi yomweyo. Madzi akatuluka ndiye kuti zatha, chifukwa madzi akabwata amathera pa madigiri 100, pomwe kuti nyama ipse mofiirira bwino pamafunika kutentha koposa pamenepo ndithu. Ndiye mukuganiza kuti mukukazinga koma mukuwiritsa. Gawani nyamayo patatu. Gawo loyamba liyaleni, chidutswa chilichonse chikhudze chitsulo, ndipo manja anu akhale kumbuyo kwa theka la mphindi, osatakasa. Tembenuzani, theka lina, chotsani ikadali ndi kufiira pang'ono mkati. Dikirani felempani itenthenso ndiye gawo lachiwiri. Nyama ibwerere kumapeto kwenikweni.

Komanso soy sauce mukuthira wochuluka bwanji? Nyama ikamasambira mu sosi imalowa mufelempani ndi madzi ake kale. Supuni imodzi yaikulu yakwana, winayo sungani wa kumapeto.

Wapachiwaya pa Chinkhoma

Non-stick?? Achimwene imeneyo ichotseni kaye pa nkhaniyi. Moto umene stir-fry imafuna umawononga chakuda chija, chiyamba kusupuka, ndipo madamu akudulani pa malipiro. Ine ndinganene kuti tulukani panja, kolezani mbaula ya makala ifike psuu, ikanipo chiwaya chaching'ono kapena felempani yachitsulo yosula ija. Wok, chiwaya cha anzathu achitchainawa, ndi chitsulo chopyapyala pa moto waukali, palibenso china. Chaka china pano pankaima Mtchaina wina wa ntchito za msewu, masiku ena ankabwera ndi nyama yake yodula kale m'kapulasitiki n'kundipempha chiwaya. Ankadikira mpaka chitsulo chiyambe kufuka ndiye amathira mafuta, nyama, kabichi, zonse zatha ine ndisanamalize kusenda mbatatesi zitatu. Ndinaphunzira poyang'ana basi, chifukwa chilankhulo sitinkamvana.

Khukhi wa ku Kasungu boma

Amayi a ku Mchinji, soy sauce ndimathira mpaka nyama imire, ndimaona ngati ndi momwe ikomere. Ndamva. Mbaula ilipo ya pamene magetsi azima. Koma kulimbako? Ngakhale tizidutswa tomwe tinapsa bwino m'mbali tinali tolimbabe.

Madala wa ku Mtunthama

Si ndanena? Moto uwonjeze mmene ungathere, ng'ombe ya ngolo ndi ya ngolo. Wiritsa.

Shefu wamng'ono, Santhe

Mukudula bwanji? Yang'anani mnofuwo, uli ndi mizere yoyenda mbali imodzi. Mukadula motsata mizereyo mano a abwana ndi amene agwire ntchito yodula. Dulani mopingasa, tizidutswa topyapyala ngati chikuto cha kope, mamilimita atatu osapitirira. Ikani mufiriza kwa theka la ola iume pang'ono, mpeni umayenda bwino. Zoyerayera zonse ndi mitsempha chotsani, zimenezo sizifewa pa moto wachangu.

Kenako soda, yemweyu wa therere. Kasupuni ka tiyi kamodzi pa theka la kilo, pakani bwino, mphindi 20, tsukani ndi madzi ambiri, pukutani ndi nsalu yoyera mpaka iume. Ndiye soy sauce, supuni ya cornflour ndi kamafuta. Cornflour amakuta nyama, madzi satuluka msanga. Malesitilanti ambiri achitchaina amatero, n'chifukwa chake nyama yawo imakhala yoterera mkamwa ngakhale si fileti. Cornflour ndikunena wa m'paketi uja woyera mbee wonga pawudala, osati ufa woyera wa nsima, umenewo umangopsa n'kusiya timibulu.

Mayi wa pa loji ku Mchinji

Soda amagwira, sindikukana, koma chenjerani naye. Mtsikana wina amene ndinkamuphunzitsa anamva "supuni" n'kutenga yaikulu, osatsukanso. Alendo anayi ochokera ku Chipata anabweza mbale zonse, nyama ikumveka sopo, kuterera ngati nkhono. Tsiku limenelo ndinalipira ndine. Musapitirire mphindi 30, ndipo musanyike mu poto wa aluminiyamu, amada. Mbale yagalasi kapena yapulasitiki. Ngati simunayesepo, yesani Lachitatu ndi kanyama kochepa, mudye nokha. Osayesera pa abwana.

Anakubala a ku Kamwendo

Ine ndimaphika pakhomo pa ansembe opuma, mano awo ndi ochepa, ndiye nkhani yofewetsa nyama ndi yatsiku ndi tsiku. Papaya wamuwisi ndiye ndimadalira. Kachidutswa kochepa, kupala, kupaka. Utomoni wakewo umadya mnofu. Koma ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Kunali chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga, ndinati ndichite zamsanga, ndinapaka madzulo n'kugoneka mufiliji. M'mawa kuti ndigwire, makilo atatu a nyama angosanduka phala, chala chikulowa chokha. Ndinakhala pansi pakhonde n'kulira, chifukwa ndalama zinali zosonkha pachibale. Tinathamangira nkhuku kwa aneba. Pa nyama yopyapyala ngati ya stir-fry yi, papaya asapitirire mphindi 15, ndipo musaphatikize ndi soda. Sankhani chimodzi.

Madala wa ku Mtunthama

Mwaona? Uyu sopo, uyu phala. Madzi owira sanawonongepo nyama ya munthu. Ana inu mukufuna mankhwala pomwe nkhuni zilipo.

Wapachiwaya pa Chinkhoma

Madala, shini kapena chidale tiwiritsa limodzi, palibe akutsutsa. Izo zili ndi mitsempha yofuna maola. Koma steki mukaiwiritsa mphindi 40 ndi pamene imalimba zenizeni, madzi ake onse athawira mu msuzi. Ikamafika pofewanso ndiye kuti yayamba kunyenyeka, mukaiponya pa chiwaya ingokhala ulusi.

Madala wa ku Mtunthama

Msuziwo ndiye sosi wakeyo. Palibe chotayika.

Shefu wamng'ono, Santhe

Tabwerere ku ma noodles chifukwa palibe wayankha. Achimwene mukuwaphika mpaka apse, kenako mukuwaphikanso mufelempani, ndiye alekerenji kumatana. Paketi ikati mphindi zitatu, chotsani pa ziwiri. Tsanulani madzi, muzimutseni ndi madzi ozizira kuti choterera chija chichoke, agwedezeni akhe, kasupuni ka mafuta, yalani pa thileyi. Alowe mufelempani ali ouma. Ngati ndi aja a timapaketi a mphindi ziwiri, kaufa kokometsera kaja musathire, muli mchere wambiri ndipo soy sauce ali nawo kale wake. Mchere wapadera musayandikize n'komwe mpaka mutalawa.

Ma noodles a mazira akasowa, supageti wopyapyala amalowa m'malo. Ena amathira soda m'madzi owiritsirawo kuti akhale achikasu ndi otamuka ngati achitchaina, chifukwa enieniwo amapangidwa ndi madzi a mtundu wonga chidulo chathuchi. Ndinayesapo, zimatheka, koma thovu lake limasefukira pa kuka yonse mukangotembenuka. Poto akhale wamkulu, madzi theka.

Mayi wa pa loji ku Mchinji

Ndipo zonse zikhale zodula kale musanayatse moto. Anyezi, karoti wopyapyala, giripepa, chainizi mapesi padera masamba padera, sosi wosakaniza kale m'kapu. Sosi wanga ndi soy sauce masupuni atatu, oyster sauce imodzi ngati ilipo, kashuga, kaviniga, madzi pang'ono ndi kasupuni ka cornflour. Adyo ndi jinja pa moto wotero zimapsa pa kamphindi, zikada zimawawa, ndiye musazisiye zokha mumafuta uku mukukasaka mpeni. Tomato ayi. Ndikudziwa dzanja la Mmalawi limayabwa likapanda kuthira tomato, koma ndi madzi enanso amenewo.

Za mbaula zija ndikugwirizana nazo, koma panja. Musalowe nayo m'khitchini n'kutseka chitseko poopa kuti madamu aona. Mpweya wa makala sununkha ndipo umapha.

Wapachiwaya pa Chinkhoma

Eya, ndi mafuta omwe. Chitsulo chikafuka, mafuta amagwira moto msanga, makamaka nyama ikalowa yonyowa. Moto ukabuka osathira madzi, ndikubwereza, osathira madzi. Vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, chotsani pa mbaula. Mnyamata amene ndinkagwira naye anathira kapu ya madzi pa chiwaya choyaka, moto unakwera mpaka pa denga la shedi, nsidze zonse zinapita ndipo dzanja lili ndi chipsera mpaka lero. Majarini kapena batala musayese, zimapsa chitsulo chisanatenthe. A mpendadzuwa a m'botolo ali bwino. A mtedza oyenga kumudzi aja amanunkhira koma amafuka msanga, ndiponso funsani kaye ngati pakhomopo palibe amene mtedza umamudwalitsa.

Anakubala a ku Kamwendo

Koma inu nonse mwasiya nkhani ya bucha. Mukapita 10 koloko mupeza zotsala, amangokutemerani ndi chikwanje, fupa ndi mnofu limodzi, n'kumati steki. Pitani m'mamawa nyama ikungofika, nenani kuti mukufuna fileti kapena rampu, yathunthu, asakudulireni. Fileti pa ng'ombe yonse ndi ziwiri zokha, a malesitilanti amakhala atalipira kale, ndiye pamafunika kupalana ubwenzi ndi wogulitsayo. Komanso nyama yophedwa m'mawa womwewo imakhala yokungika, ikagona mufiliji masiku awiri imafewako yokha. Gulani Lachitatu ya Lachisanu. Koma magetsi akazima tsiku lonse musaumirire, inunkhizeni, ikakayikitsa ndi bwino kuuza madamu kusiyana ndi kudwalitsa nyumba yonse.

Khukhi wa ku Kasungu boma

Zikomo nonse. Ndiyesa Lachitatu ndi soda ndi mbaula. Vuto ndi lakuti ndikachotsa mitsempha ndi mafuta, theka la kilo imachepa, ndipo madamu amayang'ana m'mbale ngati akuwerenga.

Mayi wa pa loji ku Mchinji

Iii, imeneyo ndiye nkhani ina. Zochotsazo musataye ndipo musadye. Ikani m'kambale muwaonetse, kenako muwiritse msuzi wa mawa. Ine pakhomo pomwe ndinayambira ntchito anandinena kuti ndikuba nyama chifukwa cha zomwezi, ndinachoka ndi misozi ndilibe mlandu. Kuchokera pamenepo ndimayeza pa sikelo pamaso pa mwini wake ndisanagwire mpeni.

Shefu wamng'ono, Santhe

Zoona amayi. Kwathu kuno mpaka mazira amalemba manambala ndi pensulo. Kodi alipo akudziwa komwe oyster sauce ikupezeka kuno ku Kasungu, kapena mpaka Lilongwe? Yanga yatsala pansi pa botolo.

Wapachiwaya pa Chinkhoma

Ine ndimatuma makondakitala a minibasi akamapita ku Lilongwe, koma muwalembere dzina papepala. Wina anandibweretsera Worcester sauce n'kumalimbikira kuti ndi yomweyo.

Madala wa ku Mtunthama

Amayi a ku Mchinji mwati chiyani pamwambapa? Muwiritse msuzi. Tafika pomwe ndinayambira paja.

Anakubala a ku Kamwendo

Lero ndi Loweruka. Achimwene a ku boma, zinayenda bwanji dzulo?